Mizere Itatu Pakhosi pa Bambo

Ndikukumbukira mwezi wa Juni wa chaka chimene ndinali mu Sitandade 7, kumudzi kwathu kumtunda kwa Chimbiya. Kunkazizira moti madzi a mumtsuko ankaluma mano, ndipo chifunga chinkachoka m'mitengo ya paini dzuwa litakwera kale. Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, mtsikana wamanyazi, uja akafunsidwa dzina amayamba wayang'ana zala zakumapazi. Kusukulu aphunzitsi ankaonetsa anzanga makope anga chifukwa ndinkalemba mwaukhondo. Kunyumba ndinkakonda kumva akuluakulu akunena kuti, "Felista ndi mwana womvera," ndipo ndinkachita chilichonse kuti mawa adzanenenso.

Bambo anga, a Gerevazio, anali mlimi wa mbatatesi. Kwawo kunali ku Kaphuka, kwathu anabwera kudzakwatira, choncho pamudzi pathu anali mkamwini. Ine ndinali woyamba kubadwa ndipo alongo anga awiri anali aang'ono, ndiye wopita nawo kumunda ndinali ine. Anandiphunzitsa kumanga pagoli ng'ombe zathu ziwiri, Bantomu ndi Buleki, ndi kuyendetsa ngolo popanda kuigwetsera m'ngalande. Anandiphunzitsanso za chiwawu, matenda aja amadetsa masamba a mbatatesi nthawi ya mvula. Akachiona m'mawa, ankazika kamtengo pamene masamba akuda athera, n'kupita kukagwira ntchito zina. Masana ankabwerera kukaona. Akapeza kuti chadumpha kamtengoko, sankadikira mawa, ankasenza sipuleya yopopera mankhwala nthawi yomweyo. Ankandiuza kuti ndisamangoona kukula kwa malo owonongeka, ndiziona mmene akuthamangira.

Zonse zinayamba ndi dzino, lakumapeto, m'munsi, mbali ya kumanzere. Linawavuta pafupifupi mwezi. Ankaikapo mchere, tsiku lina fodya, kenako mapiritsi ogula pagolosale. Amayi akawauza zopita kukazulitsa, ankayankha kuti mbatatesi sizidzikumba zokha. Inalidi nthawi yokolola, ndipo matumba anali atayamba kudzaza pakhonde. Loweruka lina tsaya linatupa. Pofika Lamulungu kutupako kunatsikira pansi pa nsagwada, thupi linatentha, ndipo anadzimanga mpango m'khosi n'kukhala padzuwa.

Amayi anatumiza uthenga ku Kaphuka. Kwathu mkamwini akadwala kwambiri, mkazi wake sachita zinthu payekha. Munthuyo ali ndi eni ake, abale a kwawo, ndipo iwowo ndi amene amanena kuti apite kwakuti kapena adikire. Mkazi akapupuluma, zinthu n'kulakwika, mlandu wake sutha. Lolemba kunafika azakhali a Nankhoma, mlongo wawo wamkulu wa bambo, atasenza kamtolo ka zovala. Anali mayi wamtali, wa mawu omveka kutsidya kwa dambo. Sindingawanamizire nkhanza. Ndi iwo amene analera bambo agogo atamwalira, ndipo mpaka nthawi imeneyo ankawaitana kuti Gere, ngati kamnyamata.

Anamasula mpango uja, kuyang'ana, n'kugamula kuti ndi chithupsa. Anati zithupsa aboola zambiri pamoyo wawo, ndipo chithupsa sachiboola chisanapse. Tizithowa ndi madzi otentha mpaka chitulutse mutu, kenako achiboole, mafinya atuluke, munthu apepukidwe. Amayi anatchula za chipatala ndi mawu apansi. Azakhali anati nkhani imeneyo idikire amalume awo, mwini mbumba, amene anali kumaliro kutali ndipo ankayembekezeka Lachinayi. Ntchito yothowa anapatsa ine, poti ndinali ndi manja osamala. Ndinanyada kuti andisankha.

Lachiwiri m'mawa sindinapite kusukulu. Ndinatenthetsa madzi, kuviika kansalu, n'kugwada pafupi ndi bambo. Anali atakhala tsonga, msana atatsamira khoma, chifukwa akagona chagada mpweya unkawathawa. Ndinafunafuna mutu wa chithupsa uja koma panalibe. Khosi lonse mbali ya kumanzere linali gwa ngati thabwa, khungu likunyezimira, ndipo pansi pa nsagwada panali padera pamene panada mosiyana ndi khungu lawo. Nditaika kansalu, bambo anagwira mwendo wa mpando, misozi n'kutsika. Awa anali munthu amene Buleki anawaponda phazi mpaka chikhadabo kuchoka, iwo n'kumaliza kulima mzere. Nditadina pang'ono ndi chala m'munsi mwa kutupako, pansi pa khungu panamveka kuti tsekeretsekere, ngati ndikufinya makoko ouma a nyemba. M'kamwa mwawo munkatuluka fungo limene ndinalidziwa, la mbatatesi yowolera pansi pa thumba.

Ndinapita kukanong'oneza amayi kukhitchini. Anandiyang'ana ndi maso ofiira n'kunena kuti azakhali akudziwa zimene akuchita. Ndinaona kuti iwonso sakukhulupirira mawu awowo, koma anali ndi mantha awiri, ndipo sankadziwa kuti aakulu ndi ati.

Sindinali wanzeru kuposa akuluakulu aja. Ndinangochita chokhacho chimene ndinaphunzitsidwa. Ndinatenga bolopeni yanga yabuluu m'chikwama cha kusukulu, ndipo pamene kulimba kwa khungu kunathera ndinalembapo mzere, ndikubwereza kawiri kuti uoneke. Bambo anandiyang'ana m'mbali. Ndinabwezeretsa mpango kuti azakhali asaone. Apo n'kuti ana asukulu akungodutsa kumene pamsewu. Belu lopumira litamveka kuchokera kusukulu, ndinakathowanso, ndipo ndinapeza kuti kutupa kwadutsa mzere uja ndi zala ziwiri. Ndinalemba wachiwiri. Dzuwa litafika pamutu ndinalemba wachitatu, ndipo umenewu unali pafupi ndi fupa la pamwamba pa chifuwa. Bambo anali atasiya kumeza malovu, ankangowasiya kuti agwere pansalu. Kamwa silinkatseguka kupitirira chala chimodzi.

Ndinatenga kagalasi ka amayi kamene kankakhala pazenera n'kukagwira patsogolo pawo. Anandigwira mkono kuti aone bwino. Anayang'ana mizere itatu ija nthawi yaitali. Kenako anayankhula kudzera m'mano, mawu ake ngati a munthu amene wavumata mbatata yotentha.

"Chadumpha," anatero.

Ine ndinaika galasi pansi n'kupita kukhola.

Ng'ombe zinadabwa kumangidwa masana. Ndinayala matumba opanda kanthu m'ngolo, pamwamba pake bulangete, n'kubweretsa ngolo pakhomo penipeni. Bambo anadzuka okha, anakoloweka mkono paphewa panga, ndipo tinayenda pang'onopang'ono mpaka anakwera. Apo n'kuti azakhali akuchokera kuseri kwa nyumba ndi nkhuni zotenthetsera madzi ena.

"Iwe Felista, ng'ombezo zikupita kuti?"

"Ku Chimbiya, azakhali. Tikakwere minibasi ya kuchipatala."

"Wakutuma ndani?"

"Palibe."

Anaponya nkhuni pansi. "Alamu, tulukani mudzaone mwana wanu womvera uja! Mukufuna akam'ng'ambe khosi mlongo wanga eni ake kulibe? Akakafera kumeneko mudzayankha ndinu!"

Amayi anatuluka n'kuima pakhomo atagwira lichero, osapita kutsogolo, osabwerera m'mbuyo. Anthu oyandikana nafe anayamba kusuzumira pamwamba pa mipanda. Azakhali anakaima pakati pa chipata, manja m'chiuno, pamalo okhawo pamene ngolo ikanadutsa. Chibadwire ndinali ndisanayankhepo munthu wamkulu ndili chiimire. Ndinatembenuka kuyang'ana bambo, ndipo ndinamva mpweya wawo ukulira polowa, ngati mluzu wong'aluka.

"Azakhali, chokani panjirapo," ndinatero. "Ine ndimakulemekezani, koma ng'ombezi sizikudziwani."

Ndinakweza chikwapu n'kuitana Bantomu. Ng'ombe zinanyamuka. Azakhali anaima mpaka mphuno ya Buleki inatsala pang'ono kuwagunda pachifuwa, kenako anadumphira kumbali. Ndinamva lichero likugwa kumbuyo kwanga. Amayi analowa m'nyumba mothamanga, anatuluka ndi buku la kuchipatala ndi chitenje, anauza mayi woyandikana nafe kuti aone ana, n'kukwera ngolo ikuyenda.

Azakhali sanatsale. Anatilondola pambuyo wapansi, akundilalatira njira yonse. Ananena za mwano wanga, za kaleredwe ka amayi, za sukulu zimene zikuwononga ana, mpaka za agogo anga amene anamwalira ine ndisanabadwe. Titafika pakamtsinje anatopa, anakwera ngolo osapempha, anakankha amayi pang'ono n'kutsamiritsa mutu wa bambo pachifuwa pawo. Kulalata sanasiye, koma dzanja lawo linkapukuta dovu pachibwano cha bambo mofatsa kwambiri.

Pa Chimbiya ndinasiya ng'ombe kwa mayi wina wogulitsa tomato amene tinkapemphera naye. Kondakitala wa minibasi atangoona khosi la bambo anasiya nthabwala zake, anatsitsa anthu awiri pampando wakutsogolo, ndipo dalaivala sanaimenso pena paliponse mpaka kuboma.

Kuchipatala kunali mzere wautali, koma namwino wina atamva kapumidwe ka bambo anatidutsitsa. Dokotala amene anatiwona anali wachinyamata, wa magalasi. Anamasula mpango, anayang'ana, n'kufunsa kuti walemba mizereyi ndani. Ndinaganiza kuti ndalakwa. Ndinayankha ndikuyang'ana pansi kuti ndine. Anandifunsa nthawi ya mzere uliwonse, ndipo ndinamuuza za ana asukulu, za belu, ndi za dzuwa la pamutu. Anadina pansi pa mzere wachitatu, anamva kulira kuja, ndipo nkhope yake inasintha. Kuchokera pamenepo aliyense m'chipindamo ankathamanga. Anawaika madiripi manja onse awiri, anawabaya mankhwala m'mitsempha, anawaika chopumira kumphuno, anawatenga magazi pachala n'kupeza kuti ali ndi matenda a shuga amene ife sitinkawadziwa.

Dokotala uja anatifotokozera mwachidule, akulemba kalata. Anati si chithupsa, ndipo sichikanatulutsa mutu ngakhale tikanathowa mwezi wathunthu. Tizilombo tochokera m'dzino lowola tinalowa pansi pa khungu, ndipo tinkayenda m'kati tikupha mnofu, kunja kukuoneka pang'ono chabe. Shuga uja ndi amene anapatsa tizilomboto mphamvu. Kulira kwa pansi pa khungu unali mpweya umene tizilomboto timatulutsa. Ine ndinakumbukira milu ya utuchi kumacheka a ku Phiri la Dedza, imene imapsa m'kati masiku ambiri pamwamba pakungooneka kautsi. Anati mankhwala okha sangakwanitse, pafunika kutsegula khosi ndi kuchotsa mnofu wonse wakufa tsiku lomwelo, kutupako kusanatsikire m'chifuwa kapena kutseka njira ya mpweya. Zimenezo zinkafunika chipatala chachikulu ku Lilongwe, ndipo ambulansi inali ikubwera.

Azakhali anayesanso komaliza. Anafunsa, tsopano ndi mawu aulemu, ngati sizingatheke kudikira Lachinayi kuti amalume afike. Dokotala anati Lachinayi amalumewo adzapeza maliro. Anafunsa bambo ngati akuvomera, bambo anagwedeza mutu. Atafunsa kuti wachibale wopita nawo ndi kukadinda chala pa pepala la opaleshoni ndani, amayi, amene tsiku lonse anali asanakweze mawu, anati, "Ndine mkazi wawo. Ndikadinda ine."

Ambulansi inanyamula bambo ndi amayi dzuwa likadali pamwamba pa mitengo. Pachipata cha chipatala tinatsala awiri, ine ndi azakhali. Tinakwera minibasi imodzi, mpando umodzi, osayankhulana. Pa Chimbiya ndinamasula ng'ombe pamtengo, iwo anakwera ngolo n'kukhala chondifulatira mpaka kunyumba. Anakhala kwathu masabata onse amene amayi kunalibe, akutiphikira ndi kutichapira, koma akafuna kundiuza kanthu ankauza mlongo wanga wazaka zisanu kuti, "Kauze achemwali akowo kuti mchere watha," ine ndili pomwepo.

Zimene zinachitika ku Lilongwe ndinazimva kwa amayi. Tsiku lomwelo madokotala anaboola kabowo kutsogolo kwa khosi n'kuikapo kapaipi kopumira, chifukwa njira ya m'kamwa inali itatsala pang'ono kutsekeka. Anatsegula khosi kuyambira pansi pa khutu mpaka pamwamba pa chifuwa. Amayi anauzidwa kuti munalibe mafinya ambiri ngati a chithupsa, munali madzi otuwa onunkha ndi mnofu wakufa. Anauchotsa mpaka anafika pamene pankatuluka magazi, anazula dzino lija, ndipo bala analisiya losasoka kuti azilitsuka tsiku ndi tsiku. Patapita masiku awiri anawalowetsanso kukachotsa wina umene unafa pambuyo pake, kenako kachitatu. Chakudya chinkadutsa pa kapaipi ka m'mphuno.

Ndinakawaona patatha masabata awiri, nditaperekezedwa ndi aphunzitsi anga. Wodi inkanunkha mankhwala otsukira pansi. Poyamba ndinawadutsa osawazindikira, chifukwa anali atawonda, ndevu zitamera, khosi lonse lili m'mabandeji. Sankatha kuyankhula chifukwa cha kapaipi kaja. Anandikodola, analoza chikwama changa, ndipo ndinawapatsa kope ndi cholembera. Ndinkayembekeza mawu aakulu, mwina othokoza, ndipo ndinali nditakonzeka kulira. Analemba pang'onopang'ono n'kundibwezera. Panalembedwa kuti, "Mbatatesi za kumunsi mwakumba?" Ndinaseka mpaka namwino anandiyang'ana.

Bala litayera anatenga khungu pantchafu n'kulimata pakhosi. Anatuluka patatha masabata asanu ndi awiri, akuyenda ndi ndodo, mutu utapendekera pang'ono kumanzere, mawu atasasa. Kumudzi anthu ankabwera kudzawaona, ena kudzaona chipsera. Anapatsidwa mankhwala a shuga ndi malamulo a kadyedwe amene amawadandaula mpaka lero.

Ndinkaganiza kuti nkhani yatha, koma amalume aja anali ndi mlandu wina. Anabwera, anathokoza Mulungu kuti mphwawo wachira, kenako ananena kuti kuchira n'kwina, mwano n'kwina. Mwana anaopseza azakhali ake ndi ng'ombe pamaso pa anthu, ndipo ayenera kukapepesa ndi nkhuku. Amayi anandipempha kuti ndingopita kuti pakhale mtendere. Bambo anangoyang'ana kudenga. Loweruka lotsatira ndinanyamula tambala wofiira mpaka ku Kaphuka. Njira yonse ndinkayeserera mawu opepesa, ndipo ndinkawadziwa bwino, chifukwa ndinali mwana wonena pepani ngakhale wina akandiponda. Koma nditagwada pamaso pa azakhali, abale atakhala pamphasa, ndinaona kuti ndikanena pepani ndiye kuti ndikuvomera kuti ndikanayenera kudikira Lachinayi.

"Azakhali, ndabwera ndi nkhukuyi. Ndi yanu. Zikomo potisamala amayi kulibe."

Anadikira. Tambala anakupiza mapiko.

"Ndikumvetsera," anatero.

"Ndamaliza, azakhali."

Wina pamphasa anatsokomola pobisa kuseka. Azakhali anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumaondo, kenako anatambasula manja. "Bweretsa kuno. Nkhuku ilibe mlandu." Anaipha tsiku lomwelo, ndipo ntchafu anandipatsa ine, koma anaiika m'mbale mwanga osandiyang'ana.

Papita zaka khumi ndi chimodzi. Zambiri zasintha kwathu. Masiku ano munthu akadwala timaimbira mnyamata wa njinga yamoto, ndipo amafika madzi asanawire pamoto. Abale a mkamwini timawadziwitsabe, koma pafoni, tili kale panjira, ndipo ambiri amangoyankha kuti pitani tikupezani. Alangizi a zaumoyo amanena pasikelo kuti dzino lowola si lolimbira mtima, ndipo kutupa kwa pansi pa nsagwada kukamathamanga, kukamalepheretsa munthu kumeza kapena kupuma, n'kofunika chipatala tsiku lomwelo. Komabe kumidzi ya kuseri kwa phiri alipo amene amathowabe. Ndikamva za wotere ndimapita ngakhale sanandiitane, ndipo ena amanena kuti mwana wa a Gerevazio amalowerera za eni. Anene, bola wodwalayo akwere njinga.

Manyazi sanandithere. Pamsonkhano wa kutchalitchi ndimakhalabe kumbuyo, ndipo ndikalemba kalata ndimaiwerenga katatu kuopa kukhumudwitsa munthu. Azakhali akalamba, maso ayamba kuchita khungu, koma Khirisimasi iliyonse amabwera. Amakhala pakhonde ndi bambo, kukangana za mbewu ndi za anthu amene anamwalira kale, mpaka bambo kuseka ndi mawu awo osasa aja. Ndikawabweretsera tiyi nditagwada, amalandira kapu n'kunena kuti, "Paja iwe uli ndi mawu amene sunamalize ku Kaphuka."

Ndimawathirira shuga masipuni atatu monga amakondera, ndimawafunditsa bulangete m'miyendo, n'kubwerera kukhitchini. Mawu amenewo adzawadikira.